Kuno nyanja ikaundana ndiye msewu, koma msewuwo wayamba kunamiza eni ake

Lamulungu lapitali ndinaimbira a malume anga a ku Nkhotakota pa WhatsApp, aja akhala akupha usipa kuyambira ine ndisanabadwe, ndiye tili mkati mocheza anandifunsa kuti, "Mphwanga, mayi ako akuti kumeneko ku Canada anthu amayenda pamwamba pa nyanja ndi njinga zamoto, ndi zoona zimenezo kapena amangondinamiza?" Ndinati ndi zoona malume, inenso ndinayendapo. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Nanga ikabooka?"

Funso limeneli landikhala pamtima sabata yonse chifukwa pafoni ndinalephera kuwayankha bwinobwino, netiweki imaduladula komanso nkhaniyo ndi yaitali, ndiye ndati ndilembe pano.

Ine ndikukhala ku Iqaluit, likulu la Nunavut, kumpoto kwenikweni kwa Canada pa chilumba cha Baffin, chino ndi chaka changa chachitatu. Ndi katauni ka anthu opitirira 7,000 pang'ono, ambiri ndi a mtundu wa Inuit omwe ndi eni nthaka. Kulibe mitengo, ndi miyala yokhayokha ndi sinowo, madzi oundana aja ogwa kuchokera kumwamba ngati ufa woyera. Chomwe chinandizunguza mutu nditangofika ndi chakuti Nunavut yonse ili ndi midzi 25 koma palibe msewu ngakhale umodzi wolumikiza mudzi wina ndi unzake, ukafuna kupita kwina ndi ndege basi, ndipo sitima zobweretsa katundu zimangobwera miyezi yochepa ya nyengo yofunda madzi akatseguka. Ndiye taganizani, nyanja ija ikaundana ndi pomwe anthu amapuma, chifukwa tsopano msewu wapezeka. Amakwera skidoo, kanjinga kamoto kaja koyenda pa sinowo, kumbuyo atamangirira chilei chachitali chomwe eni ake amati qamutiik, n'kumapita kukasaka, kukawedza, kukagona ku tinyumba tawo ta kutali ndi tauni. Zakudya za m'shopu kuno mitengo yake ndi yoboola m'thumba chifukwa zambiri zimabwera pa ndege, ndiye nyama ya m'nyanja yotchedwa seal yomwe bambo wabweretsa kuchokera pa ayezi ndi ndiwo zenizeni za pakhomo, ndipo amagawana ndi achibale ndi okalamba omwe sangathenso kupita okha. Kwa iwo ayezi wa panyanja ali ngati mmene munda ulili kwa ife.

Ambirife tikamva zoti ayezi timaganiza za uja wa mufiriji, wolimba gwa ngati mwala, wosasuntha. Wa panyanja ndi wina. Madzi amchere saundana pa madigiri 0, amadikira mpaka pafupifupi madigiri 1.8 kunsi kwa 0, ndipo akamaundana amasiya timatumba ta madzi amchere mkati mwake, ndiye akakhala wamng'ono amakhala wofewa, amapindika ngati mphasa ukapondapo, ndipo ndi wosalimba kuyerekeza ndi ayezi wa madzi opanda mchere wokhuthala chimodzimodzi. Chachikulu n'chakuti akuyandama. Pansi pake madzi sanagone, akuyendabe. Kuno ku Frobisher Bay, nyanja yomwe Iqaluit ili m'mbali mwake, madzi amakwera n'kutsika kawiri pa tsiku, ndipo nthawi zina kusiyana kwake kumapitirira mamita 10, ndiye chibenthu chonse chija chimakwera n'kutsika nawo limodzi, m'mbali mwa gombe amaswekasweka n'kusanjikizana zibuma zikuluzikulu zotalika kuposa munthu, moti kungochoka pa gombe kufika pa ayezi wosalala ndi ntchito kale.

Tsiku lomwe ndinayendapo linali mu Epulo chaka chatha. Pali bambo wina wachikulire yemwe timagwira naye ntchito, mlenje kuyambira ali mwana, ndinakhala ndikumupempha kwa miyezi kuti adzanditenge ndiye tsiku lina anangoti Loweruka uvale zonse zomwe uli nazo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, magolovesi anga anawakana n'kundibwereka ake a chikopa. Iwo anali kutsogolo pa skidoo, mwana wawo pa ina, ine ndinakhala pa chilei pamodzi ndi bokosi la katundu, fulasiki ya tiyi, chitofu cha parafini, chingwe, mfuti, wailesi, ndi jumbo yomanga bwino momwe munali zovala zouma zosinthira. Jumbo imeneyo ndinadzaimvetsa pambuyo pake.

Titayenda ngati maola awiri anaimitsa njinga pamalo pomwe ine sindinaone kusiyana kulikonse, poyera ngati pena paliponse. Anatsika, anatenga mkondo wawo wautali womwe amati unaaq, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono akubaya pansi, phazi limodzi kubaya, lina kubaya. Atafika pena anabaya kamodzi kokha mkondo uja unangolowa phwi, madzi akuda n'kutuluka. Anabwerera chafutambuyo mosathamanga, kudutsa mwenimweni momwe anapondamo popita. Mtima wanga unali m'mwamba chifukwa pamenepo panali mamita ochepa chabe kuchokera pomwe ndinakhala, ndipo pamwamba pake panali sinowo woyera bwino wosalala, woti ine ndekha ndikanathamangapo osaganiza kanthu.

Anandifotokozera tikumwa tiyi. Sinowo ali ngati bulangeti, akagwa pa ayezi wamng'ono amamufunditsa ndiye kuzizira kwa kunja sikumufikiranso, sakula, komanso amabisa mtundu wake. Chifukwatu mlenje amawerenga mtundu, ayezi wakuda ndi wopyapyala, osakwana masentimita 10, akamakula amasanduka wotuwa, kenako woyererako, ndiye sinowo akaphimba zonsezi maso sathandizanso, watsala mkondo basi. Chachiwiri ndi madzi oyenda pansi. Pomwe pali mpata wopapatiza pakati pa zilumba, kapena pansonga ya mtunda, madzi amathamanga kwambiri ndipo amamudya ayezi uja kuchokera kunsi, pamwamba pakuoneka bwinobwino koma kunsi kwatsala kachikopa. Malo oterowo amawadziwa ndi mayina, anawauza bambo awo, bambo awonso anauzidwa ndi agogo awo, ndipo mayina ambiri a malo m'chinenero chawo amanena chomwe chili pamalopo.

Apa ndi pomwe ndinakumbukira a malume. Ndili mwana ndikapita kutchuthi ndinkawaona madzulo ataima pa gombe akuyang'ana kumwera osalankhula, anyamata atakonzeka kale ndi nyali ndi chilimira, kenako iwo n'kungoti lero sitilowa, mwera ukubwera. Ine ndinkaona nyanja ili phee. Bambo ujanso amachita zomwezo, amaima n'kumayang'ana kumwamba, anandilozera kutsogolo komwe mtambo unali wakuda kunsi kwake n'kunena kuti uko kuli madzi osaundana, mtambo ukutengera mtundu wa madziwo, pomwe pamwamba pa ayezi mtambo umawala.

Kumeneko ndi komwe timapita, kumathero a ayezi wogwirana ndi mtunda, komwe amati sinaa. Ndi malo okongola moti sindingathe kufotokoza, uli chiimire pa choyera kenako kutsogolo kwako nyanja yakuda bii ikufuka nthunzi ngati mphika, mbalame, ma seal akutulutsa mitu. Ndi komwe kuli nyama ndipo ndi komwenso kuli ngozi yaikulu kuposa zonse. Ayezi wogwirana ndi mtunda uja, tuvaq, amaoneka ngati ndi mtunda weniweni koma mphepo ikatembenuka n'kumachokera kumtunda, kapena madzi akakwera kwambiri nthawi ya mwezi wathunthu kapena mwezi ukakhala kumdima, chibenthu chachikulu chimatha kung'ambika kumbuyo kwako mwakachetechete, iwe uli kalikiliki ndi nyama, pocheuka upeza pakati pa iwe ndi kwanu pali madzi, ndipo mpatawo ukukulirakulira. Ndinaona kuti bambo uja sanakhazikike mpang'ono pomwe, mphindi zochepa zilizonse amacheuka kuyang'ana mng'alu womwe tinawoloka, ndipo njinga zonse anaziimika zitaloza kale kumudzi.

Zimenezi zimachitikadi ndipo zimagwera ngakhale akatswiri. Ku Utqiaġvik ku Alaska, komwe kale kunkatchedwa Barrow, mu Meyi 1997 ayezi anang'ambika anthu ali m'misasa yawo yosakira anangumi, anthu 142 anatengedwa kupita pakati pa nyanja ndipo anachita kukawatola ndi ma helikoputa, mwamwayi palibe anamwalira. Kuno ku Nunavut mu Novembala 2009 mnyamata wa zaka 17 wa ku Coral Harbour anatengedwa pa kachibenthu yekhayekha, pafupi naye pali zimbalangondo zoyera zija, mpaka asilikali opulumutsa anthu anachita kudumpha ndi parachuti kuti amufikire. Ndipo apa pali chinthu china chomwe anthu a kutali sachiganizira, thandizo lili kutali zedi. Ndege za asilikali zopulumutsira anthu zimanyamuka kumwera, malo ngati Trenton ku Ontario kapena Winnipeg, helikoputa yaikulu imachokera ku Gander ku Newfoundland, makilomita masauzande, ndiye ndi maola ambirimbiri munthu akudikira mu chisanu choti malovu amaundana. Mu Okutobala 2011 kufupi ndi Igloolik bambo ndi mwana wake anatsekeredwa ndi ayezi ali pa boti, asilikali atatu anadumphira m'madzi kukawathandiza, alenjewo anapulumuka koma mmodzi mwa asilikaliwo anamwalira helikoputa isanafike. N'chifukwa chake nthawi zambiri oyamba kunyamuka munthu akasowa ndi anthu a m'mudzi momwemo, anzake osaka nawo ndi ma Canadian Rangers, anthu a m'midzi yomweyi omwe amathandiza gulu la asilikali, amatenga njinga zawo usiku n'kukalowa pa ayezi yemweyo wameza mnzawoyo.

Tsopano funso la a malume, nanga ikabooka. Ndinafunsa zomwezo tsiku limenelo ndipo yankho lake linandichititsa mantha kuposa china chilichonse. Madzi ake amakhala pafupifupi madigiri 2 kunsi kwa 0. Ukangogweramo thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya mwamphamvu osafuna, ndiye ngati mutu uli pansi pa madzi wamwa kale, ambiri amafera pomwepo mphindi yoyambirira, osati ndi kuzizira koma kumira. Ukapirira mphindi imeneyo mpaka kupuma kukhazikike, watsala ndi mphindi ngati 10 zokha manja asanaleke kugwira, zala zimangokhala ngati si zako. Ndiye amati utembenukire komwe unachokera chifukwa ayezi wa kumeneko ndi amene anakunyamula, uyale manja pamwamba, uponde madzi ndi miyendo mpaka thupi ligone chafufumimba, udzikoke ngati seal, ukatuluka usaimirire koma ugubuduke mpaka patali. Mkondo uja ukaugoneka chopingasa pa dzenje umakuthandiza kudzikoka. Koma kutuluka si kupulumuka ayi, chifukwa zovala zonyowa zija pa mphepo ya madigiri 25 kapena 30 kunsi kwa 0 zimauma gwa ngati malata pa mphindi zochepa, ndiye pamenepo ndi pomwe jumbo ya zovala zouma ija ndi chitofu zimakhala moyo wako. Ngati zonse zamira pamodzi ndi njinga ndipo uli wekha, nkhani yatha. Bambo uja anatchula anthu angapo omwe ankawadziwa omwe anapita choncho, amatchula mayina awo mofatsa mmodzimmodzi, ena mitembo yawo sinapezeke mpaka lero.

Anandiuzanso kuti kale ndi agalu zinali zosiyana. Agalu amayenda pang'onopang'ono, kulemera kwawo kumamwazikana, ndipo akamva kuti pansi sipali bwino amakana kupita. Skidoo ndi yolemera, imathamanga, ndi yaphokoso moti sumva ayezi akamalira, pomwe ukuzindikira uli kale pakati pa malo oipa. Koma munthu wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu ali ndi Loweruka lokha loti apezere banja ndiwo, ndiye amapita ngakhale nyengo isali bwino kwenikweni, zomwe agogo ake sakanachita chifukwa iwo ankatha kudikira masiku.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri anachinena tili m'njira yobwerera. Anati malo aja mkondo unalowa aja, ali mnyamata ankadutsapo mpaka mwezi wa Juni osatsika n'komwe pa chilei. Anati zomwe anaphunzira kwa bambo ake zikadali zoona koma masiku ake asokonekera, nyanja ikuchedwa kuundana, ikufulumira kusungunuka, mphepo ikumatembenuka mosayembekezereka, ndipo malo oipa akukula n'kumapezeka komwe kunalibe. Anthu kuno amakumbukirabe chisanu cha 2010 kulowa 2011 pomwe chaka chatsopano chinafika nyanja ya pa Iqaluit isanagwirane bwino. Chisanu cha kumayambiriro kwa 2010 chinavutanso kwambiri ku Nain, mudzi wa ku Labrador kumpoto chakum'mawa kwa Canada, kunagwa mvula nthawi yomwe kumayenera kukhala kozizira koopsa, ndipo atafunsa anthu a kumeneko anapeza kuti mmodzi mwa anthu 12 aliwonse anagwerapo m'madzi chisanu chimenecho. Tangoganizani mudzi wanu, pa anthu 12 aliwonse mmodzi.

Asayansi nawonso akunena zomwezo ndi manambala awo. Ma setilaiti akhala akuyeza ayezi wa ku Arctic, dera lonse lozizira la kumpoto kwa dziko lapansi, kuyambira 1979, ndipo yemwe amatsala mu Seputembala, mwezi womwe amachepa kwambiri, wakhala akutsika ndi pafupifupi 12 peresenti pa zaka 10 zilizonse. Mu 2012 anatsala ma sikweya kilomita pafupifupi 3.4 miliyoni okha, kuchepetsetsa chiyambire kuyeza. Dera limeneli likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Ndipo ayezi akachedwa kubwera si alenje okha ovutika, chifukwa iye ndi amene amatchinga mafunde a mphepo za mkuntho kuti asafike pa gombe. Ku Shishmaref ku Alaska, kamudzi ka pa chilumba ka anthu ngati 600, nyanja yakhala ikudya mtunda mpaka nyumba kugwera m'madzi, moti mu 2016 anavota kuti asamuke onse.

Ine zimandipweteka ndikamva anthu ena, ngakhale kuno ku Canada komwe, akunena kuti bwanji osangosiya kupita pa ayezi n'kumagula chakudya m'shopu. Amene akunena zimenezo sanaone mtengo wa nkhuku imodzi kuno, komanso sanaone nkhope ya gogo akalandira nyama ya seal kuchokera kwa mdzukulu wake woti wapha koyamba. Zili ngati kuuza a malume kuti popeza mwera umapha anthu asiye nyanja azidikira ndalama za pa foni. Enanso amati kukatentha ndiye bwino, anthu apumako kuzizira. Ayi ndithu, kuno tsiku lofunda pakati pa chisanu ndi lomwe amayi amakhala pa windo kudikira amuna awo ndi ana awo mtima uli phaphapha. Kukazizira kwambiri ndi pomwe anthu amayenda mtima uli m'malo.

Sikuti angokhala manja lende. Pambuyo pa chisanu choipa chija ku Nain kunayambika ntchito yotchedwa SmartICE, mogwirizana ndi a yunivesite ya Memorial ya ku Newfoundland, ndipo pano yafika m'midzi yambiri ya kumpoto. Amazika zipangizo mu ayezi zomwe zimayeza kukhuthala kwake n'kumatumiza pa setilaiti, komanso ali ndi makina omwe amawakoka pa chilei, akamayenda amayeza ayezi yense wa m'njiramo n'kujambula mapu a malo abwino ndi oipa, ndipo oyendetsa ndi achinyamata a m'midzi momwemo. Palinso app yotchedwa SIKU, dzinali ndi mawu awo otanthauza ayezi wa panyanja, pomwe mlenje akapeza malo oipa amajambula n'kuika kuti anzake aone. Ena amangolemba pa Facebook ya mudzi kapena kulengeza pa wailesi kuti pakutipakuti musadutsepo lero. Mwana wa bambo uja ali nayo app imeneyi mufoni ndipo amaiona asananyamuke, koma ndinaona kuti titafika pamalo okayikitsa paja foni inali m'thumba, anatsika n'kuima pambali pa bambo ake akuyang'anitsitsa momwe amabayira, kenako anapatsidwa mkondo kuti ayese yekha, bambo ake osalankhula kanthu, kungogwedeza mutu akabaya bwino.

Tinafika kunyumba cha m'ma 9 koloko usiku kukadali kowalako, opanda nyama chifukwa mphepo inayamba kutembenuka tisanaphe kanthu ndipo bambo uja anangoti tiyeni, osakambirana. Mayi a kunyumba kwawo anali pakhomo, anawerenga mitu yathu ndi maso kenako analowa kukatereka madzi a tiyi.

Dzulo ndinawatumizira a malume voice note yaitali kuwafotokozera zonsezi, ndi chithunzi cha mkondo uja. Ayankha m'mawa uno. Anati, "Mphwanga, ukadzapitanso usadzatsogole, ndipo mkuluyo akadzati tibwerere usadzafunse chifukwa." Kenako anafunsa ngati nsonga ya mkondowo ndi yachitsulo kapena ya fupa, ndiye ndikafunsa Lolemba kuntchito.